Chingwe Chimene Sindinakoke

1

Ku Feira kuno mukafunsa za Fridah, mkazi wa Adriano wamasipika, mudzamva nkhani ziwiri. Ena adzakuuzani kuti ndine mkazi amene ankakodola mlamu wake pamaso pa anthu. Ena adzakuuzani kuti ndine mkazi amene anavula mwamuna wake dzuwa likuswa mtengo, msika wonse ukupenya. Yoyambayo ndi bodza. Yachiwiriyo ndi yoona, ndipo musayembekezere kuti ndigwada pano kupepesa. Ndikukambirani chabe mmene zinayendera, mukaweruze nokha.

Mwamuna wanga ndiye ankaimbitsa maukwati onse, kuyambira pa Boma mpaka ku Kavalamanja, ngakhale kutsidya ku Zumbo ankabwera kudzamutenga pa bwato. Anali ndi ampu yakalekale yokwezera mawu a masipika, yolemera moti amuna awiri ankaitula akutukwana. Anaipatsa dzina loti Mvuu chifukwa cha mmene inkabangulira. Masipika anakhoma yekha ndi matabwa a mlombwa. Koma chimene ankanyadira koposa zonse chinali khutu lake.

"Khutu ili," ankatero akulikoka, "silinapite kusukulu, koma limamva udzudzu ukutsokomola kutsidya kwa Zambezi."

Anthu ankaseka n'kuvomereza. Nanga akanatsutsa bwanji? Pamene Adriano waimika masipika, maikolofoni sinkalira mluzu, mawu a abusa ankafika mpaka kwa azimayi ophika kuseri, ndipo nyimbo sizinkabaya m'makutu ngakhale mutakhala pafupi.

Ine pa maukwatiwo ndinkakhala pakati pa azimayi, moyang'anana ndi tebulo la makina. Ndipo inde, ndinkachita zizindikiro. Ndinkagwira duku, ndinkakanda khutu, nthawi zina ndinkapinda m'mphepete mwa chitenje. Zimenezo sindinakanepo, ngakhale pamene anandikhazika pa mlandu.

2

Moto unabuka Ricardo atabwera. Ameneyu ndi mng'ono wake wa mwamuna wanga, amene anakaphunzira zamagetsi ku Lusaka. Anatsika basi ndi laputopu, kamaikolofoni kowonda ngati cholembera, ndi ampu yatsopano yopepuka ngati buledi. Adriano ataiona anainyamula ndi dzanja limodzi n'kufunsa ngati mkatimo muli kanthu.

Tsiku lachiwiri lomwe mkangano unayamba, pansi pa mtengo wa masau kunyumba kwathu. Ricardo anaimika kamaikolofoni kake patsogolo pa sipika, n'kutembenuzira laputopu kwa mkulu wake.

"Akulu, taonani apa. Mzere uwu uyenera kuyenda mowongoka. Wa Mvuu yanu ukukwera n'kutsika ngati msewu wa kumapiri. Yakalamba iyi."

"Anthu amavina mzere?" anafunsa Adriano.

"Makina sanama, akulu. Khutu ndiye limanama. Likamwa mowa limamva zina, likakonda chinthu limamva zina. Inu Mvuu mumaikonda, ndiye mumaimva kukoma."

"Makina akowo anayamba avinapo? Anayamba alirapo pa maliro?"

"Sikelo ya pa msika sidya nsomba, koma mumaikhulupirira."

Ndinaseka ndili pa mtondo, ndipo Adriano anandiponyera diso. Kunena zoona mnyamatayo anali ndi pakamwa, ndipo zina zimene ankakamba zinali zomveka. Koma mwamuna wanga si munthu wogonja. Ankamuyang'anitsitsa mng'ono wake pakamwa ngati akufuna kumulanda mawu, n'kuyankha mofuula mpaka nkhuku kuthawa. Anthu anali atazolowera kale. Ankati Adriano kutchuka kwamulowa m'mutu, umamuitana kumbuyo iye osacheuka n'komwe.

Anakangana pa chakudya, anakangana m'bwato, anakangana potuluka m'tchalitchi. Wina ati manambala, wina ati khutu. Komabe magazi ndi magazi, Ricardo anayamba kupita nawo ku maukwati, kunyamula mawaya ndi kuima pa tebulo la makina pambali pa mkulu wake.

Apo ndiye panagona tsoka langa. Kale ndikayang'ana ku tebulo kuja kunkakhala mwamuna mmodzi. Manje kunali awiri, ndipo winayo anali wosakwatira, wovala malaya osita bwino.

3

Woyamba kuona anali a Agineza, mlongo wake wamkulu wa Adriano, mayi amene maso awo saphonya ngakhale nsabwe ya m'mutu mwa mnzawo. Anandipeza pa msika ndikuyala nsomba zouma.

"Alamu, duku lanu lija lili ndi chiyani?"

"Bwanji, asisi?"

"Ayi, ndangofunsa. Ku ukwati wa ku Katondwe ndinaona dzanja lanu silichoka kumutu. Mukagwira duku, Ricardo wawerama pa makina. Mukakanda khutu, Ricardo wamwetulira. Ine ndinabadwa kale, alamu."

"Ngati munabadwa kale, asisi, mukanadziwa kuti nsomba sizigulidwa ndi mafunso. Mutenga zingati?"

Anachoka osagula. Koma mawu anali atatuluka, ndipo ku Feira mawu amathamanga kuposa bwato la injini. Sabata isanathe azimayi ankatsinana ndikamadutsa. Ku kwaya anandiuza mwaulemu kuti ndiyambe ndapumako. Mayi wina amene ndinamusambitsira mwana wake ali wakhanda anandiwolokera msewu. Choopsa kwambiri, mwana wathu Thokozile anali pa chitomero, ndipo akuchimuna anayamba kufunsa ngati mwana wa mayi wotere angasunge banja.

Thoko anabwera akulira. "Amama, n'zoona?"

"Ukuona ngati n'zoona?"

"Nanga bwanji simukana? Bwanji simuwauza chimene mumagwirira duku?"

Ndinamusiya pomwepo. Ndinapita kuseri kumene bambo ake ankapukuta Mvuu, n'kuima patsogolo pawo penipeni.

"Atate ake Thoko, kambani. Dzina langa likumira."

"Zipita, Amake Thoko. Mphekesera zili ngati madzi osefukira, zimaphwa zokha."

"Zikamaphwa zimakhala zitakokolola munda. Mwana wanu akulira m'nyumbamo."

Anapitiriza kupukuta. Ampu ija inkawala ngati ya m'sitolo, ine ndili chiimire ngati chitsa.

4

Mlandu unakambidwa kwa amalume a Yosiya, ankhoswe athu, m'mawa kusanatenthe. A Agineza anayala nkhani yonse, ukwati ndi ukwati, duku ndi duku. Mayi amene uja akanakhala wapolisi mbava zikanatha m'boma lino.

Ricardo anaimirira mwaukali. "Amalume, awa ndi alamu anga, ali ngati amayi anga! Ine zizindikirozo sindinazionepo n'komwe. Maso anga amakhala pa laputopu."

"Wakuba savomera," anatero a Agineza.

Amalume anatembenukira kwa ine. "Amake Thoko, zizindikiro mumachita?"

"Ndimachita."

Anthu anang'ung'udza.

"Mumachitira ndani?"

"Funsani mwamuna wanga."

Maso onse anapita kwa Adriano. Iye anali atawerama, akujambula pansi ndi kamtengo. Amalume anamugwedeza phewa n'kubwereza funso. Ine ndinadikira mpaka atadzutsa mutu, maso athu n'kukumana. Kenako ndinakweza dzanja pang'onopang'ono, pamaso pa onse, n'kugwira duku langa.

"Mwaona! Mwaona!" anakuwa a Agineza. "Ngakhale pano!"

Koma Ricardo anali kumanzere. Ine ndinkayang'ana mwamuna wanga, ndipo iye anaona, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene ndinkamuuza. Zizindikiro zonsezo zinali zake kuyambira pachiyambi, tinapangana tili awiri m'chipinda mwathu. Anandiyang'ana kamphindi, n'kubwezera maso pansi.

"Ine za maduku sindizidziwa," anatero.

Abale anga, ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Sindinalire. Misozi ndinaimeza.

Chigamulo chinali chakuti ndisapondenso kulikonse kumene kuli masipika. Ukwati wa Thoko ukadzatha, akadzaona ngati ndikhalebe pa banja kapena ndibwerere kwathu ku Kavalamanja. Zaka zonse zimene ndinaphika, kubereka ndi kuika maliro pa mudzi umenewo anaziika pa sikelo, duku limodzi n'kuzilemera.

5

Ricardo anafuna kubwerera ku Lusaka, koma asanapite anakumana ndi mkulu wake pa bala ya a Luis, pafupi ndi msika, ndipo mkangano wawo wakale unadzukanso. Amuna amene analipo anandiuza kuti Ricardo anamenya tebulo.

"Chabwino, akulu. Khutu lanu silinama? Tikumangeni nsalu kumaso. Masipika akhale omwewo, nyimbo yomweyo. Ine ndizisintha mawaya, mwina Mvuu, mwina yanga. Mukazindikira, laputopu iyi ndikaiponya mu Luangwa. Mukalephera, Mvuu ipume."

Pamaso pa amuna anzake, Adriano akanakana? Anavomera mofuula, n'kunena kuti aitane boma lonse pa msika Loweruka masana.

M'mawa wa Lowerukalo anandipeza ndikusankha masau oti ndikagulitse. Anagwada pambali panga, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane, n'kutulutsa m'thumba kachidutswa ka chingwe cha mbedza, chija chowonekera ngati madzi.

"Chingwe chonga ichi ndachikwirira kale mumchenga, kuchokera pamene pakhale mpando wanga mpaka pa mpanda wa bango pamene mumagulitsira. Mbali ina ndimanga ku chala cha phazi. Inu muziona waya umene walumikiza. Ikakhala Mvuu mukoke kamodzi, ikakhala yake kawiri. Mukakoka osasiya ndidziwa kuti ndikhale chete."

Ndinasiya kusankha masau.

"Paja za maduku simuzidziwa. Za zingwe mumazidziwa?"

"Amake Thoko, komaliza. Ndikagwa lero ndiye kuti tonse tagwa."

"Ine ndinagwa kale kwa amalume. Munanditola?"

Ananditsekulira dzanja n'kuikamo kamtengo kofanana ndi kamene anakulungirako nsonga ya chingwe, kuti ndikakazindikire pa mpanda paja. Ndinakalandira. Koma ndikulumbira pa manda a mayi anga, sindinanene kuti inde.

6

Dzuwa la ku Feira mumalidziwa, limawotcha mpaka mbuzi kubisala pansi pa magalimoto. Komabe anthu anadzaza. Asodzi anasiya maukonde, ogulitsa anasiya mabenchi, ena anakwera pa njinga kuti aone bwino. Ine ndinakhala pa mpanda ndi dengu langa la masau, chifukwa pa msika panalibe amene akanandiletsa. Ndinafukula pang'ono mumchenga, chingwe ndinachipeza, n'kuchibisa pansi pa chitenje.

A Luis anafunsa nsalu yomangira kumaso.

"Tengani duku la alamu anga," anatero a Agineza mokweza. "Lija lazolowera ntchito."

Anthu anafa nacho chiseko. Ndinalimasula n'kuwaponyera. Anamanga nalo mwamuna wanga, iye atakhala pa mpando ngati bwana, mapazi ali mumchenga.

Ricardo analumikiza Mvuu. Nyimbo ya kalindula inagunda, ana n'kuyamba kudumpha. Chingwe chinali pakati pa zala zanga. Kukoka kamodzi chabe, kanthu kosafuna n'komwe mphamvu. Ndinayang'ana duku langa lili kumaso kwake, ndinakumbukira kamtengo kamene ankajambula nako pansi kwa amalume, ndipo dzanja langa linangokhala.

Nyimbo inatha. Adriano anadikira. Chala chake cha phazi chinkagwedera mumchenga, kufunafuna.

"Nanga akulu?" anafunsa Ricardo, a Luis n'kumugwedeza phewa.

"Iyi ndi yako. Yauma ngati chikumba."

"Ndi Mvuu!" anthu anakuwa, ena akugwa ndi phwete.

Kachiwiri analasa. Kachitatu anaphonya. Kachinayi anaphonyanso, anatamanda ampu ya Ricardo kuti ndiyo Mvuu yeniyeni, yonona ngati mafuta a nsomba ya mcheni. Thukuta linanyowetsa duku lonse.

Pano ndikuuzeni chinthu chimene chinandiwawa. Inenso ndinatsinzina kuti ndimve ndekha, ine amene makutu anga ndi akuthwa. Sindinathe kusiyanitsa. Ndikatsegula maso n'kuona Mvuu, nyimbo inkakoma. Ndikatsinzina, zonse zinali chimodzimodzi. Pamenepo Ricardo ananena zoona.

Adriano anayamba kukalipa. "Ukubera! Yako ukuikweza kwambiri!"

"Sindikubera, akulu. Dikirani ndipime onse aone kuti zikufanana."

Ricardo anaimika kamaikolofoni kake n'kudina laputopu. Popima, makina aja amatulutsa kulira kumene kumayambira pansi ngati ng'ombe, n'kumakwera, kumakwera, mpaka kusanduka mluzu wobaya. Kunayamba. Adriano anagwedeza mutu. Kunakwera. Kutafika pamwamba, anthu anatseka makutu, makanda analira, agalu a pa msika anathawa akukuwa. Mano anga anachita dzanzi.

Ndinaona mwamuna wanga akutsegula pakamwa. Ndinadziwa chimene akufuna kunena. Apa ndiye pamene ndinayenera kukoka osasiya. Chingwe ndinachigwira, ndinachimva kulimba kwake, ndipo ndinachisiya.

"Manje mwazimitsiranji?" anafuula Adriano, mluzu uli pakati pobaya anthu. "Yatsani tipitirize! Mwaopa?"

Ricardo anazimitsa. Panagwa bata loti mukanamva tsamba likugwa.

"Adriano," anaitana a Agineza. "Adriano, iwe!"

Iye anangokhala, akumwetulira kumene kunalibe munthu.

7

Mwamuna wanga anali atagontha. Osati kotheratu, koma mawu onse opyapyala anali atamuthawa kalekale: mbalame, mluzu, mawu a azimayi ndi ana. Zaka zonse zoima pafupi ndi masipika zinamudya makutu pang'onopang'ono. Chimene chinatsala ndi kugunda kwa bezi, kumene ankakumva ndi chifuwa, ndi milomo ya anthu imene anaphunzira kuwerenga.

Ndinazindikira zaka zingapo zapitazo pa ukwati wina, maikolofoni ikulira mluzu iye akumwetulira. Ndinathamanga n'kunamizira kupunthwa pa waya kuti ndiuzule. Titafika kunyumba analira ngati mwana, n'kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale Thoko. Ndani angaitane gonthi kudzaimbitsa ukwati? Ndiye tinapangana. Ndikakanda khutu, mluzu wayamba, atsitse. Ndikapinda chitenje, bezi yachuluka. Ndikagwira duku, mawu a munthu akumira, akweze kuti amveke.

Khutu lotchuka la Adriano, limene linkamva udzudzu kutsidya kwa Zambezi, linkakhala pa mphasa pakati pa azimayi, litavala duku.

Ndinaimirira pa mpanda paja, n'kuyamba kukulunga chingwe. Chinatuluka mumchenga pang'onopang'ono, chikuwala padzuwa, kuchokera m'dzanja langa, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, mpaka ku chala cha mwamuna wanga. Anthu anapatuka okha. Ndinayenda ndikukulunga mpaka ndinafika pa mpando. Ndinamumasula duku kumaso, n'kuima pamene akanaona milomo yanga.

"Auzeni," ndinatero. "Kapena chingwechi chawauza kale?"

Anayang'ana anthu, ena manja akadali kumakutu. Anayang'ana mng'ono wake, amene misozi inali ikutsika. Anawerama, anamasula chingwe ku chala, n'kunyamuka kulowera kumtsinje. Mvuu anaisiya pomwepo, anaibweretsa ndi Ricardo pa wilibala.

Ndinatembenukira kwa a Agineza, n'kumanga duku langa ndikuwayang'ana.

"Asisi, mwaona amene ndinkamukodola?"

Musaganize kuti Feira inandiombera m'manja. Aa, kuti? Amene dzulo ankati ndine wachiwerewere, lero anati ndine mfiti ya mkazi, wopanda chisoni, wovula mwamuna pa msika. A Agineza anauza anthu kuti mkazi weniweni akanakoka chingwecho n'kukakambirana kunyumba. Kunyumba! Ngati kuti sindinakambe kunyumba mpaka malovu kuuma.

Adriano anatha masabata osandilankhula. Ankadya atatembenukira kukhoma. Tsiku lina ndikutsuka mbale anaima patsogolo panga.

"Bwanji simunakoke?"

Ndinapukuta manja, n'kumuyang'ana kuti aone milomo yanga bwino.

"Kwa amalume ndinagwira duku. Munaona."

Anatola mbale imodzi n'kuyamba kuipukuta, mbale yoti sinatsukidwe n'komwe.

Ricardo sanabwerere ku Lusaka yekha. Anatenga mkulu wake kukamupimitsa makutu, ndipo anabwerako ndi pepala la mizere yotsika ngati phompho, ndi kachipangizo kovala kuseri kwa khutu. Adriano amene ankatukwana mizere, lero mzere ndi umene unamuuza zoona. Ankakavala m'nyumba mokha, akatuluka n'kukabisa m'thumba.

8

Ukwati wa Thoko unachitika. Akuchimuna atamva nkhani yonse anangoti mwana wa mayi wosunga chinsinsi chotere ndiye akumufuna. Ricardo ndiye anali pa makina, ampu yake ya buledi ili pa tebulo, Mvuu ili pansi ngati mpando wa laputopu. Ine ndinakhala kutsogolo monga make mkwatibwi, ndipo panalibe anayerekeza kundikumbutsa chigamulo cha amalume.

Itafika nthawi yoti bambo a mkwatibwi alankhule, Adriano anaimirira, kachipangizo kali kukhutu poyera. Anatenga maikolofoni. Munthu amene moyo wake wonse ankafuula, tsiku limenelo mawu anamuthawa. Ankang'ung'udza chabe, maso ali pansi, ndipo ndinangotolako dzina langa.

Ricardo anatambasula dzanja kuti akweze. Ndinamuyang'ana n'kupukusa mutu, iye n'kubweza dzanja. Za makina zinali zitakwana.

Ndinadikira mpaka mwamuna wanga atadzutsa maso. Kenako ndinakweza dzanja, pamaso pa amalume a Yosiya, pamaso pa a Agineza, pamaso pa akwaya onse, n'kugwira duku.

Anaika maikolofoni pa tebulo, n'kuyankhula ndi pakamwa pake, mawu amene anamveka mpaka kwa ophika kuseri.

"Ndati, mkazi wanga sanandilakwirepo! Anandibwereka makutu ake, ine ndinamubweza manyazi. Za maduku ndinkazidziwa. Ndinanama kwa amalume, ndinanama kwa inu nonse. Amake Thoko, ndikhululukireni."

Thoko analira mpaka kuwononga zodzola. Ine sindinathamange kukamukumbatira, musandinamizire. Ndinangogwedeza mutu kuti ndamva. A Agineza mpaka lero sanapepese, amangonditumizira nsomba zazikulu osanena chifukwa, ine n'kumadya.

Abale awiri aja akukanganabe. Ricardo akuti manambala, Adriano akuti mtima, ndipo akatopa amandiitana kuti ndiweruze. Ine ndimawauza kuti laputopu ipime, koma ovina akakhala pansi, mzere wowongokawo mukaudye nokha. Pa maukwati masiku ano sindikhalanso pa mphasa. Ndimaima pa tebulo, zala zanga zili pa mabatani a mikisa, ndipo amene sakondwa atseke maso.

Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga amene mwanyamula chinsinsi cha mwamuna mpaka msana kupindika, sindikukuuzani kuti mukaulule. Chinsinsi cha m'banja ndi chosunga, ine ndinasunga zaka, ndipo ndikanasunga mpaka kumanda popanda kudandaula. Koma tsiku limene mudzaitanidwe dzina lonyansa chifukwa cha chinsinsicho, mwini wake ali pomwepo akujambula pansi, mudzadziwe kuti mwatsala nokha pa chingwe.

Ena mwa inu mukuti ndinachita nkhanza. Nenani, makutu anga ndi abwino, ndikumva. Chingwe chija ndikadali nacho, ndinachimanga kuseri kwa nyumba, ndimayanikapo maduku. Mutandibwezera pa mpanda paja lero, dengu la masau lili pambali, mwamuna wanga ali pa mpando, sindingakokebe.